Dzukani, Musambe, Ntchito Ikudikira

Inu amene bwana anakuuzani kuti musabwerenso ku ofesi mpaka mliri wa Covid-19 utachepa mphamvu, inu amene mukulemba malipoti patebulo lomwe ana amadyerapo phala, tcherani khutu. Ndikudziwa kuti mwatopa. Lolemba likufanana ndi Loweruka. Mukudzuka dzuwa litakwera, kutsegula laputopu musanasukusule, kuyankha uthenga umodzi, kenaka kungozindikira kuti kunja kwada koma chogwirika palibe. Usiku tulo sitikubwera. Mumtima mukuti zikadzatha izi ndidzayambiranso bwino. Ayi, abale anga. Moyo wanu sunaimitsidwe kuti udikire tsiku limenelo. Miyezi ikuthayi ndi yanu, ndipo palibe amene adzakubwezereni.

Yambani mwaona pamene mwaima. Pa 11 Malichi 2020 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse. Pa 23 Malichi dziko la Britain linatsekera anthu ake m'nyumba, South Africa inatsatira pa 27, Zimbabwe pa 30. Abale athu ambiri ku Johannesburg, ogwira ntchito m'malesitilanti, m'nyumba za anthu ndi pa zomangamanga, anagona ali pantchito n'kudzuka alibe kolowera. Posakhalitsa mabasi anayamba kuwatula pachipata cha Mwanza, ena atanyamula chikwama chimodzi pambuyo pa zaka zambiri za thukuta. Kuno kwathu odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo, ndipo boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo. Mavenda anakwiya, analowa m'misewu. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition linathamangira kukhothi, ndipo khothi lalikulu linapereka chiletso kutatsala tsiku limodzi. Mfundo yawo inali yosavuta kumva: munthu amene amadya zomwe wapeza tsiku lomwelo, ukamutsekera m'nyumba, njala imupeza matenda asanamufike.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'Malawi muno, 84 amakhala kumidzi, ndipo nyumba zoyatsa magetsi zinkangopitirira pang'ono imodzi pa khumi. Ndiye ngati muli ndi ntchito yotheka kuigwira pakompyuta, soketi yotchajira, komanso malipiro olowa pakutha pa mwezi, muli m'gulu la anthu ochepa kwambiri. Namwino wa ku chipatala cha Queen Elizabeth kapena cha Kamuzu Central sangabaye jakisoni pafoni. Wakabaza sangapalase njinga ali pabalaza. Kondakitala akulandirabe ndalama zodutsa m'manja mwa anthu osawadziwa. Januwale wa 2021 unatigwedeza tonse: pa 12 tinataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, sitediyamu ya Bingu inasanduka chipatala, sukulu zinatsekedwanso, kuyenda usiku kunaletsedwa. M'nyengo yotere, munthu wololedwa kupeza chakudya cha banja lake osakwera minibasi sali m'ndende. Wapatsidwa mwayi umene anzake akuulirira. Sindikunena izi kuti mudzimve olakwa. Ndikunena kuti musiye kudzimvera chisoni, chifukwa chisoni chimenecho ndicho chikukudyerani m'mawa uliwonse.

Ena akuti kugwirira ntchito kunyumba ndi za azungu, sizingatheke kuno. Amenewo aiwala kumene anakulira. Ndani anatilipirira fizi ambiri a ife? Telala wosokera pakhonde. Mayi wodzuka tambala woyamba asanalire kukakanda ufa wa mandasi, kuti ikamakwana 6 koloko beseni likhale lili pamsewu. Bambo wokhoma mbaula ndi ndowa kuseri kwa nyumba. Agogo oluka mphasa pansi pa mtengo wa mango. Anthu amenewa analibe buku losainira nthawi yofika, analibe bwana wowayang'ana pawindo, koma yunifolomu imene analonjeza kuti itha Lachisanu inkatha Lachisanu, ana akulira, alendo akubwera, nsima ili pamoto. Pakhomo pakhala pali pantchito kuyambira kalekale. Chachilendo n'chakuti ife ovala mataye tinazolowera kukankhidwa ndi wotchi ya ku ofesi ndi diso la bwana, mpaka tinaiwala kudzikankha tokha. Mliriwu unachotsa diso lija. Chatsala ndi inu, ndipo tsopano zidziwika ngati munkagwira ntchito kapena munkangopezeka pantchito.

Choncho mawa dzukani nthawi imene munkadzuka kale. Musambe. Muvale zoti mlendo atagogoda simungathawire kuchipinda. Sindikunena suti, koma chovala chimene munagona nacho chisafike patebulo la ntchito. Thupi limamva zimenezi, ndipo mutu umatsatira thupi. Sankhani malo amodzi, ngakhale ndi kangodya ka pabalaza kapena mpando wa pakhonde, pakhale pamenepo tsiku ndi tsiku. Pabedi ayi. Bedi likasanduka ofesi, ntchito imakhala yaulesi ndipo tulo timathawa. Musanatsegule WhatsApp, tengani pepala mulembe zinthu ziwiri kapena zitatu zimene zikuyenera kutha lero dzuwa lisanalowe, ndipo muyambe ndi chimene mukuchiopa kwambiri.

Kenaka pali anthu a pakhomo, ndipo apa m'pamene pagona nkhondo yeniyeni. Kwathu kuno munthu akakhala pakhomo masana ndiye kuti alibe chochita. Akutumani kuchigayo. Achimwene abwera kudzacheza, ndipo kuwauza kuti muli otanganidwa kuoneka ngati mwano. Aneba ayamba kunong'onezana kuti uje ntchito inamuthera koma akubisa. Asiyeni anene, lendi simulipira ndi pakamwa pawo. Koma a m'nyumba mwanu akhazikeni pansi. Auzeni momveka kuti kuyambira nthawi yakuti mpaka yakuti ndili kuntchito ngakhale mukundiona, ndipo ndiwo zimene tidye mwezi uno zichokera patebulo ili. Ana amamva kuposa mmene timaganizira. Mwana amene wauzidwa kuti nthawi ya nkhomaliro tidyera limodzi, madzulo tiwerengera limodzi, amatha kudikira, bola lonjezolo lisakhale labodza. Ndipo sukulu zikatsekedwa, muikireni kampando pafupi nanu ndi buku lake. Ana ambiri amangodziwa kuti makolo amachoka m'mawa n'kubwera madzulo atatopa. Anuwa aona ndi maso awo mmene munthu amakhalira pansi n'kumaliza chimene wayamba, phunziro limene palibe mphunzitsi angalilembe pabolodi.

Abambo, ndiyankhule nanu pang'ono pambali. Ngati nonse awiri mukugwirira ntchito pakhomo, mayi a kunyumba kwanuwo nawonso ali ndi bwana, ali ndi lipoti, ali ndi tsiku lomaliza kupereka. Si bwino kuti inu mutseke chitseko n'kuyembekezera tiyi pamene iwo ali pamsonkhano mwana ali kumsana, khutu lina kufoni, lina kumphika. Gawanani maola. Kolezani mbaula, sambitsani mwana, tsukani mbale. Palibe mwamuna amene anachepa chifukwa chophika ndiwo. Amayi, nanunso musadziphe pofuna kuti zonse zikhale ngati kale. Nyumba ikapanda kukolopedwa tsiku limodzi sigwa.

Nanga magetsi? Nanga bandulo? Mafunso amenewa ndi oona, ndipo amene amalemba malangizo ali ku London sawadziwa. Magetsi athu ambiri amapangidwa pa mtsinje umodzi, Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo nyengo ya mvula zinyalala ndi matope zimatsamwitsa makina. Kuzima kulipo, kudzakhalapo. Wanzeru amakonzekera. Magetsi akangoyaka, tchajani chilichonse: laputopu, foni, power bank, ngakhale nyali. Koperani mafayilo ofunika akhale m'kompyuta mwanu, kuti netiweki ikathawa ntchito isaime. Patulani ntchito zosafuna moto, monga kuwerenga, kulemba pamanja, kukonza mapulani ndi kuimba mafoni, muzisungire nthawi ya mdima. Dziwani ngodya ya nyumba imene netiweki imagwira bwino. Pamsonkhano wa pa Zoom, kanema ndiye amameza bandulo. Zimitsani kamera ngati sikofunika kuti muoneke, ndipo tsekani maikolofoni pamene simukuyankhula, kuti anzanu asamve tambala wanu ndi mkangano wa ana. Musachite manyazi kuti zipangizozi mukuziphunzira kumene. Mu Disembala 2019 olowa misonkhano ya pa Zoom tsiku lililonse anali pafupifupi 10 miliyoni. Pofika Epulo 2020 anali 300 miliyoni. Dziko lonse linali m'kalasi imodzi, aliyense akufunsa mnzake ngati akumveka.

Koma kuzima kwa magetsi kusasanduke chobisalira. Tonse tikuwadziwa anzathu amene netiweki yawo imavuta pokhapokha bwana akaimba, koma pa Facebook ali pompo tsiku lonse. Khalidwe limeneli likuipitsa mbiri ya onse, ndipo ndi limene lidzapangitse mabwana kunena kuti Amalawi sangagwire ntchito popanda kapitawo. Inu khalani umboni wotsutsa. Vuto likagwa, nenani msanga, ndipo nenani nthawi imene ntchitoyo ifike. Mukamaliza chinthu, dziwitsani amene akuchidikira osayembekeza kuti afunse. Kale anthu ankakuonani mukulowa pageti m'mamawa n'kumati ndinu olimbikira. Lero chokuchitirani umboni ndi ntchito imene yafika m'manja mwawo. Nthawi ya mliriwu makampani ambiri ankavutika, mahotela a kunyanja ku Mangochi ndi Salima analibe alendo, ndipo anthu ankachotsedwa ntchito. Tsiku limene akuluakulu adzakhale pansi kuona wotsala ndi wopita, dzina lanu lidzakumbukike ndi zimene munamaliza m'miyezi ino.

Inunso mabwana muli ndi mbali yanu. Ngati mwatumiza munthu kunyumba, mugulireni bandulo, chifukwa intaneti imene ankagwiritsa ku ofesi inali yanu, ndipo si chilungamo kuti aichotse pa ndalama ya ufa. Chepetsani misonkhano, nkhani yotheka m'mizere itatu ya uthenga isadye maola awiri a anthu khumi. Ndipo foni ya 9 koloko usiku siyani. Kukhala pakhomo sikutanthauza kuti munthu ndi wanu usana ndi usiku.

Pamenepa ndi pomwe olimbikira amagwera m'dzenje lina. Ku ofesi kunali kuweruka: mumatseka kabati, kutsanzika mlonda, kukwera minibasi, ndipo pofika kunyumba za kuntchito zinali zitatsalira m'njira. Pakhomo palibe geti lotulukira, ndiye lipangeni nokha. Nthawi ikakwana, tsekani laputopu, muiike m'chikwama, chikwamacho chichoke pamaso. Yendani pang'ono kukadali kowala, palirani maluwa kapena kadimba ka kuseri, seweretsani ana. Msana ndi maso zimafuna kupuma, ndipo munthu wokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka usiku akuitana matenda ena pothawa mliriwu.

Ndisabise, chopweteka kwambiri m'nyengo ya mliri si ntchito. Ndi mauthenga a maliro amene amalowa pafoni limodzi ndi mauthenga a ku ofesi. Mukuwerenga za bajeti, pansi pake chithunzi cha munthu amene munaseka naye mwezi watha. Ife tinazolowera kulira pamodzi, kugona pasiwa, kugwirana chanza, koma nthawi ya mliriwu ngakhale kumanda tinkapita owerengeka. Chisoni chotere chikapanda kotulukira chimafooketsa manja. Choncho tsiku lililonse imbirani munthu mmodzi, osati za ntchito, koma kungomufunsa kuti wadzuka bwanji. Yambani ndi mnzanu wa ku ofesi amene amakhala yekha, kapena amene wangoti zii pagulu masiku ano. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mawu amadutsa pamene mapazi aletsedwa. Mauthenga a mphekesera, a mankhwala ozizwitsa ndi a ziwerengero zopanda mwini, musawatsegule m'mawa ndipo musawatumize kwa ena. Mverani nkhani kamodzi kapena kawiri patsiku kuchokera kwa a zaumoyo, basi. Mukamva kutentha thupi, chifuwa kapena kubanika, siyani lipotilo mukayezetse. Sunga khosi, mkanda woyera udzavale, anatero akuluakulu, ndipo palibe ntchito yoposa mpweya wanu.

Tsono taganizani za nthawi imene mwapulumutsa. Wokhala ku Area 25 wogwira ntchito ku City Centre, kapena wa ku Chirimba wopita ku Limbe, akudziwa maola amene ankathera pasiteji ndi pamndandanda wa magalimoto, m'mawa ndi madzulo. Maola amenewo abwerera m'manja mwanu, pamodzi ndi ndalama ya thiransipoti ndi ya chipisi cha masana. Mukuchita nazo chiyani? Maphunziro aja munkati mulibe nthawi, yambani. Excel imene mwakhala mukupempha mnzanu kuti akuchitireni, iphunzireni. Ndalama ya minibasi isasungunukire m'zinthu zosadziwika. Iikeni padera, ku banki kapena ku banki m'khonde, tsiku lomwe malipiro alowa. Ndipo ngati pali wantchito wa pakhomo, mlonda kapena mayi wogulitsa masamba amene mliriwu wamufinya kuposa inu, mukumbukireni. Musamudule malipiro pamene anu akubwera athunthu.

Usiku uno, musanagone, tcherani alamu. Lembani zinthu zitatu za mawa, sankhani ngodya yanu, tchajani zipangizo ngati magetsi alipo, ndipo auzeni a m'nyumba mwanu nthawi imene muyambe ndi imene muweruke. Kukacha dzukani, abale anga, mukagwire ntchito.