Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada

Pusi wa m'mwambiwu anaona zipatso mbali zonse. Dzanja lili pa ichi, maso ali pa icho, mpaka anataya nthambi imene inamunyamula. Akuluakulu ankatanthauza kuti wofuna zonse nthawi imodzi amataya ndi chomwe anali nacho kale.

Kwa Zulu ku Mchinji, mwambiwu umamveka bwino nyengo yokolola. Mwini golosale amafuna kugula soya ndi mtedza pasikelo, kukapikula katundu ku Chipata kudzera pachipata cha Mwami, komanso kuyang'anira aganyu kumunda. Zonsezi n'zobweretsa ndalama. Koma akachokapo, mnyamata wapasikelo amalandira mtedza wosauma. Akakhalapo, shuga ndi sopo zimatha m'golosale.

Nzeru yake ndi kudzifunsa musanagone: n'chiyani chingawonongeke mawa ndikachedwa? Mtedza wachinyontho umachita chuku ukatsekeredwa m'thumba, choncho yambani ndi kuyanika. Sopo sawola, ulendo wa ku Chipata ungadikire Lachisanu. Kugolosale ikanipo munthu wokhulupirika, ndipo madzulo muziwerengera limodzi ndalama ndi kope la ngongole.

Ntchito imodzi yomalizidwa imadyetsa banja kuposa zisanu zosiyidwa panjira.