Kodi Wolanda Cakudya pa Njala Ali ndi Mlandu?

Anyamata athu a ku Nsaru ndi ku Kabudula akonda kanema wa nkhonya ndi mfuti, ndipo poturuka sakamba kanthu kena koma kulumpha kwa ngwazi. Ifenso tinaona kanema wa caka ca 2019, The Boy Who Harnessed the Wind, amene anamkonza Chiwetel Ejiofor. Asimba za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, ndi njala ya 2002.

Zokondweretsa maso zirimo zambiri: madzi okokolola minda, pfumbi la cirala, gule wamkuru pamaliro, ndi makina a mphepo alikuzungulira pansanja. Koma mitima yathu inaima pamene khamu linakanganirana cimanga, ndi pamene munthu wanjala analowa m'nyumba ya eni ace nalanda cakudya kwa akazi.

Timweruze bwanji munthuyo? Ena ati njala iribe manyazi, cotero alibe mlandu. Ife sitibvomera, pakuti akazi aja analinso ndi njala, ndipo iye sanacotse njala m'mudzi, koma anaisenzetsa ofoka oposa iye. Analakwa ndithu.

Koma mlandu sunayambe ndi iye. Kanemayo aonetsa anthu alikugulitsa mitengo yao kwa eni minda ya fodya, ndipo madzi anasowa cowatsekereza. Aonetsanso mfumu irikumenyedwa cifukwa inanena za njala pamsonkhano wa akuru a dziko. Ndipo tidziwa kuti cimanga ca m'nkhokwe za boma cinagulitsidwa njalayo isanafike. Wolanda ndi manja aoneka msanga; wolanda ndi cilembero akhala pamthunzi, koma mlandu wace uposa, pakuti iye anali wokhuta.

Tsono tisaloze akuru okha. Ife amene tigulitsa cimanga conse pokolola, ndi ife amene titseka nkhokwe kufikira mtengo ukwere, mnansi alikudya gaga, tiri mbali iti? M'kanemamo, atate wa William anapereka njinga yace, cuma cace cotsala, kuti idulidwe, ndipo mudzi unapeza madzi.

Cifukwa cace, makolo, mwana akabwera kocokera ku kanema, musamfunse za amene anapambana pa nkhonya pokha. Mfunseni kuti, anayamba kulakwa ndani, ndipo anapereka kanthu ndani? Pamenepo mudzifunse inu nomwe, dzinja lisanafike.