Chiphuphu ndichotse, nanga mphini?

Photoshop saiphunzira tsiku limodzi. Ukaitsegula koyamba, kumanzere kuli timabatani tambirimbiri, kumanja kuli ma layer, ndipo palibe chokuuza poyambira. Ine miyezi yapita ndikulimbana nayo, mavidiyo a pa YouTube akundidyera bandulo. Koma chimene chikundivuta tsopano si mabatani ayi. Tsiku limene dzanja lako lazolowera healing brush ndi liquify, umazindikira kuti nkhope ya munthu yasanduka dongo, woumba ndiwe.

Kusintha zithunzi sikunayambe ndi pulogalamuyi, yomwe Adobe inatulutsa mu 1990. Ku Soviet Union, Nikolai Yezhov ataphedwa mu 1940, anamufufuta pa chithunzi chimene anali pambali pa Stalin, pamalo pake pakangooneka madzi a mu ngalande. Limenelo ndi bodza loonekeratu, tonse tigwirizana. Zathuzi n'zazing'ono, n'chifukwa chake zimazemba.

Akatswiri ena ali ndi lamulo limene ndimalikonda: chimene chichoke chokha pakatha masabata awiri, chotsa, chimene ndi cha munthuyo, chisiye. Chiphuphu chichoke. Ulusi wa pa malaya uchoke. Koma mphini za agogo, chipsera cha pachipumi, mpata wa m'mano, zimenezo ndi zawo. Ukasalaza makwinya onse pa chithunzi choika pa pulogalamu ya maliro, adzukulu adzalira munthu amene sanamuonepo.

Pakhungu ndiye lamuloli limagwa. Kwa zaka zambiri mafilimu a Kodak ankayesedwa ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, ndipo anthu akuda ankatuluka ngati mthunzi, maso ndi mano okha mbuu. Ndiye ndikawalitsa chithunzi kuti nkhope ya mnzanga ioneke mmene maso anga amaionera, ndikukonza cholakwa cha kamera. Koma ndikangokankha ka mzere komweko ka Curves pang'ono kupitirira, ndamudzoza mafuta oyeretsa khungu. Chida n'chimodzi, ndipo kompyuta sikuuza kuti apa wadumpha malire.

Nanga mwini wake akapempha yekha kuti "undiyeretseko pang'ono"? Nkhope ndi yake, sindikana. Komabe dzanja ndi langa, ndipo chithunzicho chikafika pa Facebook achichiona ndi atsikana ena amene adzadziyerekeza ndi khungu lomwe kulibe. Ku France, kuyambira 2017, chithunzi cha malonda chimene thupi la model lachepetsedwa kapena kukulitsidwa chimayenera kulembedwa kuti chasinthidwa. Pa status ya WhatsApp palibe amalemba zimenezo.

Mwina n'chifukwa chake kuvuta kwa Photoshop sikundikwiyitsanso. Fyuluta ya pafoni imasalaza, kuyeretsa ndi kuchepetsa mphuno usanaganize n'komwe. Kuno chilichonse uchita wekha, layer ndi layer, ndipo pansi penipeni chithunzi choyambirira chimakhala chilipobe. Ukazimitsa timaso ta ma layer apamwamba, munthu uja amabwerera n'kukuyang'ana.