Kodi Nthawi ya Woonera Kanema Ingagulitsidwe?

Pologalamu iliyonse ya pa wailesi yakanema imakhala ndi woilipira, ngakhale woonerayo asatulutse khobiri. Atolankhani, ojambula, magetsi ndi zida zoulutsira zimadya ndalama zambiri. Kupatula makanema olembetsa mwezi ndi mwezi, amene wosauka sangawafikire, ndalamazo zimachokera kwa otsatsa malonda, kapena ku thumba la boma, kapena kwa nzika zomwe kudzera m'laisensi ndi misonkho yapadera. Kusankha pakati pa njirazi kumaoneka ngati ntchito ya akatswiri a zachuma, koma pansi pake pagona funso lokhudza ulemu wa munthu. Wailesi imatumikira amene amaidyetsa, ndiye zimatengera woidyetsayo kuti munthu amene wakhala pampando madzulo aonedwe ngati wogula, ngati wolamulidwa, kapena ngati mwini dziko wofunika kudziwa zoona.

Njira ziwiri zikuluzikulu zinasiyana pachiyambi pomwe, kanema asanabwere. Mu Ogasiti 1922 wailesi ya WEAF ya ku New York inagulitsa mphindi zingapo kwa kampani ina yogulitsa nyumba, ndipo kuyambira pamenepo mawailesi a ku America anakula ndi ndalama za malonda. Chaka chomwecho ku Britain kunabadwa BBC, imene mu 1927 inasanduka bungwe la fuko lonse lokhazikitsidwa ndi chikalata cha mfumu. Mtsogoleri wake woyamba, John Reith, anali mwana wa m'busa wa mpingo wa Chipresibiteriyani wa ku Scotland, ndipo ankaona kuulutsa mawu ngati utumiki wodziwitsa, kuphunzitsa ndi kusangalatsa anthu. Mwini wailesi aliyense ankalipira mashiling'i 10 pachaka, ndipo malonda sankaloledwa. Mpaka lero makanema a BBC a m'dzikomo saulutsa zotsatsa malonda. Mu Epulo 2025 laisensi yake inafika pa mapaundi 174.50 pachaka.

Kuti nkhaniyi imveke, choyamba n'kuzindikira chimene chimagulitsidwa pa kanema wamalonda. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi mapologalamu. Katswiri wa ku Canada, Dallas Smythe, analemba mu 1977 kuti katundu weniweni ndi owonerawo: wailesi imasonkhanitsa maso a anthu ndi sewero kapena mpira, kenaka n'kugulitsa masowo kwa wotsatsa malonda pamtengo wotengera kuchuluka kwawo. Mu 2004 Patrick Le Lay, mkulu wa TF1, kanema wamkulu wamalonda ku France, ananena zomwezo poyera, kuti chimene kampani yake imagulitsa kwa Coca-Cola ndi nthawi imene ubongo wa munthu uli wotseguka kulandira uthenga. Anthu anakwiya, komatu iye anangofotokoza moona mmene bizinesiyo imayendera.

Apa ndi pamene pabuka funso la chikhalidwe. Wafilosofi Immanuel Kant anaphunzitsa kuti munthu asamagwiritsidwe ntchito ngati chida chokha chofikira zolinga za wina, chifukwa munthu ali ndi ulemu umene ulibe mtengo wa pamsika. Kutsatsa malonda pakokha si tchimo. Mlimi amapindula akamva za mbewu yatsopano, ndipo wogulitsa ali ndi ufulu wouza anthu za katundu wake. Ngakhale chikalata chimene Mpingo wa Katolika unatulutsa ku Vatican mu 1997 pa za kutsatsa malonda chinavomereza ubwino umenewu chisanachenjeze za bodza ndi za kudyera masuku pamutu anthu ofooka. Vuto limayamba pamene pologalamu yonse yapangidwa kuti ikonzekeretse woonera kulandira malonda. Pamenepo zinthu zatembenuka: nkhani, sewero ndi nyimbo zasanduka nyambo, ndipo munthu amene akuganiza kuti akutumikiridwa ndiye akuperekedwa kwa wina. Nthawi ndi chidwi ndizo moyo wa munthu weniweniwo, pakuti ola limene lapita silibwezedwa ndi ndalama iliyonse.

Pali chinanso chopweteka kwambiri. Pamsika wa malonda maso a anthu sakhala ndi mtengo wofanana. Wachinyamata wa m'tauni wolandira malipiro ndi wamtengo wapatali kwa wotsatsa kuposa gogo wa kumudzi, wolumala, kapena wolankhula chinenero cha anthu ochepa. Wailesi yodalira malonda, ngakhale eni ake akhale a mtima wabwino, imakokeredwa pang'onopang'ono kwa amene ali ndi ndalama m'thumba. Pa chisankho aliyense ali ndi voti imodzi, koma pa ndandanda ya mapologalamu olipiridwa ndi malonda ena amawerengedwa kawiri pamene ena sawerengedwa n'komwe. Chifukwa chachikulu chokhalira ndi wailesi ya anthu onse n'chakuti pakhale malo amodzi pamene nzika zimawerengedwa mofanana.

Malamulo ochepetsa malonda amachokera m'ganizo lakuti pali nthawi ndi anthu amene msika suyenera kuwakhudza. Lamulo la mayiko a ku Ulaya la 1989 linaika malire a mphindi 12 za malonda pa ola, ndipo linaletseratu kudukiza mapemphero ndi zotsatsa. Mu 2018 malirewo anafewetsedwa kuti aziwerengedwa pa maola ambiri pamodzi, koma choletsa cha mapemphero chidakalipo. Ku Germany makanema a fuko, ARD ndi ZDF, amaloledwa mphindi 20 zokha patsiku, ndipo saulutsa zotsatsa ikadutsa 8 koloko madzulo, Lamlungu kapena pa tchuthi cha dziko lonse. M'lamulo limeneli mukumveka ganizo lakale la tsiku lopumula, lakuti moyo wa munthu uyenera kukhala ndi gawo limene sagula kapena kugulitsa. Ana amatetezedwa koposa. Chigawo cha Quebec ku Canada chinaletsa malonda olunjika kwa ana osakwana zaka 13 kuyambira 1980, ndipo bwalo lalikulu la dzikolo linavomereza lamulolo mu 1989. Sweden inaletsa malonda a pa kanema olunjika kwa ana osakwana zaka 12 mu 1991. Mfundo yake ndi yomveka: mwana wamng'ono sasiyanitsa pologalamu ndi chotsatsa, choncho kumunyengerera n'kupambana pa mkangano umene mnzakoyo sakudziwa kuti ulipo.

Otsutsa ali ndi mfundo zolimba zimene siziyenera kupeputsidwa. Yoyamba ndi yakuti wailesi yosadalira owonera imatha kudzikuza n'kuyamba kusankhira anthu zowayenera ngati kuti ndi ana. Mbiri ya BBC yomweyo ikuchitira umboni. M'zaka za m'ma 1930 Reith ankadzaza Lamlungu ndi mapemphero, maulaliki ndi nyimbo zachifatse, ndipo omvera ambiri ankathawira ku Radio Luxembourg ndi Radio Normandy, zamalonda, kukafuna nyimbo zovina. Mu 1952, polankhula m'nyumba ya malamulo, iye anayerekeza wailesi yamalonda ndi nthomba ndi mliri, komabe ITV, kanema wamalonda, itayamba mu Sepitembala 1955 inakopa anthu wamba ochuluka ndipo inakakamiza BBC kuyamba kumvetsera zimene anthuwo ankafuna. Phunziro lake n'lakuti mpikisano uli ndi ntchito yake. Zimenezi sizichotsa kufunika kwa wailesi yopanda malonda, koma zimailetsa kukhala yokha.

Mfundo yachiwiri ndi ya chilungamo: n'chifukwa chiyani munthu akakamizidwe kulipirira zimene saonera? Yankho lake likufanana ndi la sukulu. Wopanda mwana amalipira msonkho womangira sukulu chifukwa amakhala pakati pa anthu amene anaphunzira kumeneko, ndipo wosaonera kanema amalamulidwa ndi boma losankhidwa ndi anzake amene amamva nkhani pa kanemayo. Anthu a ku Switzerland anafunsidwa funso limeneli pa voti mu Malichi 2018, ndipo oposa 70 pa 100 alionse anakana kuthetsa laisensi. Komabe dandaulo la otsutsa lili ndi choonadi pa kaperekedwe. Laisensi ya mtengo umodzi imalemera kwa wosauka kuposa kwa wolemera, ndipo ku Britain ambiri mwa ozengedwa milandu yosalipira ndi amayi. Finland inakonza zimenezi mu 2013 poika msonkho wotengera zimene munthu amapeza, ndipo opeza zochepa salipira. Kukakamiza kuli ndi maziko pokhapokha katunduyo atagawidwa molingana ndi mphamvu za osenza.

Chimene chinachitika ku France chimaonetsa kuti kuchotsa malonda sikokwanira. Mu Januwale 2008 Pulezidenti Nicolas Sarkozy analengeza mwadzidzidzi kuti makanema a France Télévisions asiya kuulutsa zotsatsa. Kuyambira pa 5 Januwale 2009 malonda anachotsedwa kuyambira 8 koloko madzulo mpaka 6 koloko m'mawa. Ndalama zotayikazo zinayenera kubwezedwa ndi boma, mayuro 450 miliyoni m'chaka choyamba, ndipo panaikidwa misonkho yatsopano pa makampani a mafoni ndi intaneti komanso pa malonda a makanema ena. Cholinga chimene chinanenedwa chinali chabwino, chomasula makanema a fuko ku mpikisano wosaka owonera ambiri. Koma malamulo a mu 2009 anapatsa Pulezidenti mphamvu yosankha mkulu wa makanemawo, mphamvu imene inabwezedwa ku bungwe loyang'anira mawailesi mu 2013. Otsutsa anaonanso kuti malonda othamangitsidwawo akanapindulira TF1, imene mwini wake, Martin Bouygues, anali bwenzi la Sarkozy. Gawo lachiwiri, lochotsa malonda usana womwe, silinachitike, ndipo thandizo la boma lija linkachepa chaka ndi chaka. Mu 2022 laisensi ya mayuro 138 inathetsedwa, m'malo mwake makanemawo anayamba kulandira gawo la msonkho wa VAT, limene kukula kwake kumagamulidwa ndi aphungu. Wailesi imene yachotsedwa m'manja mwa wamalonda n'kuikidwa m'manja mwa nduna ya zachuma sinamasuke, chifukwa woonera amene ankaonedwa ngati wogula tsopano akhoza kuonedwa ngati voti yofunika kuisunga.

Germany, itaona zimene Joseph Goebbels wa boma la Nazi anachita ndi wailesi, inamanga mipanda yolimba pa mbali imeneyi. Mu 1961 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linaletsa mtsogoleri wa dzikolo, Konrad Adenauer, kukhazikitsa kanema wolamulidwa ndi boma lake. Ndalama zimene makanema a fuko akufunika zimaunikidwa ndi bungwe la akatswiri loima palokha lotchedwa KEF, ndipo kuyambira 2013 nyumba iliyonse imalipira, kaya ili ndi kanema kapena ayi. Chigawo cha Saxony-Anhalt chitatsekereza kukwezedwa kwa ndalamayo, bwalo lija linagamula mu 2021 kuti andale sangagwiritse ntchito ndalama polanga wailesi, ndipo mtengo unakwera kufika pa mayuro 18.36 pamwezi. Kumene mipanda yotere kulibe, zotsatira zake zimaoneka msanga. Ku America, bungwe la Corporation for Public Broadcasting, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, linalengeza mu 2025 kuti litseka aphungu atabweza madola oposa 1 biliyoni amene anali atalonjezedwa kale, ndipo opwetekeka kwambiri anali mawailesi ang'onoang'ono a kumidzi.

M'mayiko osauka funsoli limawawa mwanjira ina, chifukwa nzika zambiri sizingakwanitse laisensi ndipo msika wa malonda ndi waung'ono. Ku South Africa laisensi ndi marandi 265 pachaka, koma ambiri salipira, ndipo SABC imadalira kwambiri otsatsa malonda. Ku Malawi, MBC, imene inayamba mu 1964, imalandira ndalama za mu bajeti n'kumagulitsanso nthawi ya malonda. Mu 2007 Nyumba ya Malamulo, momwe otsutsa boma anali ambiri, inapatsa MBC ndi Television Malawi kwacha imodzi yokha aliyense poziimba mlandu wokondera chipani cholamula. Mapanga awiri avumbwitsa: wailesi yodalira boma ndi amalonda pamodzi ikhoza kuopa onse awiri, makamaka pamene boma ndi mabungwe ake alinso m'gulu la otsatsa akuluakulu. M'malo otere kuchotseratu malonda kungaphe wailesiyo kapena kuipereka yonse kwa olamula. Chotheka n'kutchinjiriza magawo ofunika koposa, monga nkhani, mapologalamu a ana, mapemphero ndi mitsutso ya chisankho, ndi kuika ndalama za fuko m'lamulo la zaka zingapo kuti zisamapemphedwe chaka chilichonse kwa anthu amene wailesiyo iyenera kuwafunsa mafunso ovuta.

Malamulo onsewa analembedwa poganizira bokosi limodzi la pabalaza ndi ndandanda imene dziko lonse limatsatira pa ola limodzi. Lero anthu ambiri amaonera pa foni, pamene zotsatsa za pa YouTube ndi Facebook zimasankhidwa molingana ndi zimene makina adziwa za munthu aliyense payekha, ndipo malire a mphindi pa ola safikako. Netflix, imene inatchuka chifukwa chosakhala ndi malonda, inayambitsa mu 2022 mtengo wotsika wokhala ndi zotsatsa, kutanthauza kuti wolemera amagula mtendere pamene wosauka amalipira ndi nthawi yake. Chikalata chimene BBC ikuyendera chitha kumapeto kwa 2027, ndipo aphungu a ku Britain ayenera kugamula njira yolipirira wailesi ya anthu onse m'nyumba zimene mulibenso bokosi lakale lija.