Thadzi Likathawa Mazira

Pali mlandu umene timaweruza msanga pakhomo, popanda mboni, ndiwo wa thadzi lothawa mazira. Lakhala pachisa sabata yoyamba, lakhalanso yachiwiri, likungotsika kamodzi pa tsiku kukajompha timadeya ndi kumwa madzi, kenaka m'mawa wina timalipeza likupalasa kudzala, mazira atazizira kale. Pamenepo mawu amangotuluka okha: thadzi ili ndi laulesi, silidziwa kulera, lidzakhale ndiwo alendo akadzabwera. Ndakhala ndikulingalira za chiweruzo chimenechi ndipo mtima wanga sukhazikika nacho, chifukwa nkhuku yofungatira sitaya mazira ake mwachisawawa, ndipo kuti ifike podzuka kutatsala pang'ono kuti masiku 21 akwane, kawirikawiri pamakhala china chimene chakhala chikuidya usiku ndi usiku, ife eni ake tili m'tulo.

Kuno ku Lichinga tili pamtunda, mamita oposa 1,300 kuchokera pomwe palekeza nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi chisanu chimalowa mpaka m'mafupa, moti munthu n'kuganiza kuti kachirombo sikangapirire. Koma kuzizira kumangougoneka utitiri. Kukayamba kufunda mu Seputembala ndi Okutobala, makamakanso mvula ikagwa n'kunyowetsa udzu wa padenga, umadzuka n'kuchulukana mwakachetechete, ndipo pamene tikuuzindikira umakhala utadzaza kale khola.

Kachirombo kake n'kochepetsetsa, pafupifupi milimita imodzi kakakula, ka miyendo isanu ndi itatu, mbale wake wa kangaude ndi nkhupakupa. Kasanadye kamakhala kotuwa, kakakhuta magazi kamafiira. Ophunzira amakatchula kuti Dermanyssus gallinae, ndipo Charles De Geer wa ku Sweden anakalemba m'buku kalekale, mu 1778. Chimene chimandikhalitsa chete ndikamakaganizira si kuchepa kwake ayi, koma kuti sikakhala pa nkhuku. Masana kamabisala pamene nsungwi zakumanirana, kunsi kwa khungwa la zigwagwa za paini zimene timamangira makola, m'ming'alu ya dothi lomata, pansi pa zitosi zouma, ndipo mdima ukagwa kamatuluka, kamayenda pamtanda umene nkhuku zagonapo, kamayamwa kwa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, n'kubwerera kusanache. Ndi khalidwe lomwelo la nsikidzi m'mphasa ndi m'ming'alu ya bedi. Ndiye mukaigwira nkhuku dzuwa lili paliwombo n'kufunyulula nthenga zake, mupeza khungu loyera bwinobwino, ndipo mudzaiika pansi mukunena kuti ilibe kanthu. Ulipo mtundu wina wa kumadera otentha, Ornithonyssus bursa, umene umakhazikika pa nkhuku pomwepo ndi m'chisa, ndipo ndi umene kawirikawiri umakwera m'mikono ya mwana wotumidwa kukatola mazira. Umenewo sukhalitsa osaoneka. Wa m'ming'aluwu ndi umene umapita nafe kutali.

Komabe nkhuku zimanena, kungoti sizinena ndi mawu. Chofiira cha pamutu chimayamba kuyezuka chifukwa magazi akuchepa, mazira amachepa ndipo ena amakhala ndi timadontho tamagazi pachikamba, anapiye amafooka n'kufa popanda chitopa m'mudzi. Madzulo, nthawi yolowa, zimazungulira pakhomo pa khola, zimasuzumira, zimabwerera, zina n'kukwera mumtengo, ndipo ife timazithamangitsa ndi kamtengo kuti zilowe, n'kutseka chitseko, n'kukagona mtima uli m'malo poti taziteteza.

Apa ndi pamene maganizo anga amazungulira osachoka. Khola tinalimanga ndi mtima wabwino, poopa vumbwe, likongwe ndi wakuba, ndipo n'zoona kuti nkhuku yogona mumtengo imatha kusowa usiku umodzi wokha. Koma mdani wamng'onoyu wakhazikika m'chifundo chathu chomwecho, m'mfundo za luzi zimene tinamanga ndi manja athu, ndipo chitseko chimene chikutsekera vumbwe kunja chikutsekeranso nkhuku mkati pamodzi ndi chimene chikuidya. Sindidziwa kuti ndi zinthu zingati zimene ndamangira anthu a m'nyumba mwanga m'njira yomweyi, ndikuziyang'ana masana okhaokha, pa nthawi imene ine ndasankha, ndikukhutira kuti zonse zili bwino. Ndimapempha Mulungu kuti andipatse mtima wodzuka usiku kukaona, chifukwa ntchito imeneyi imayambira pamenepo: kutenga tochi nkhuku zitagona, kupukuta kunsi kwa mtanda ndi kansalu koyera, ndipo kakatuluka ndi mizere yofiira, mwadziwa.

Zotsatira zake ndi ntchito yamanja, yopanda ulemerero. M'mawa wa tsiku ladzuwa mumatulutsa zonse, udzu wakale wa m'zisa n'kuutentha pomwepo osati kuutaya kudzala, zitosi n'kuzipala, makungwa a zigwagwa n'kuwasenda kuti pobisala pachepe. Kachiromboka sikapirira kutentha kopitirira madigiri 45, choncho madzi owira othiridwa m'ming'alu ndi m'mfundo zonse amagwira ntchito imene ndalama zambiri sizingagwire. Mitanda imayanikidwa padzuwa, ming'alu imamatidwa, khoma limapakidwa laimu, ndipo kumapeto kwa mtanda, kumene tizirombo timadutsira, kumapakidwa mafuta. Penapake pouma pansi pa khonde pamafunika dothi losalala losakaniza ndi phulusa kuti nkhuku zizisambamo, makamaka m'dzinja pamene bwalo lonse ndi matope ndipo fumbi lasowa. Amayi ambiri amayala masamba ouma a fodya kapena a ombwe pansi pa udzu watsopano wa m'chisa, ndipo nzeru imeneyi ndimailemekeza, bola tikumbuke kuti ombwe amaphanso nsomba, ndiye madzi ake asamatayidwe kufupi ndi mtsinje. Nkhuku ya miyendo yokakala, ya mamba otukuka, ili ndi kachirombo kenanso kamene kamafukula kunsi kwa mambawo, ndipo kameneko kamafa ndi mafuta ophikira kapena Vaseline wopakidwa mobwerezabwereza kwa masabata angapo.

Chovuta si tsiku loyambalo. Chovuta ndi kubwerera. Kukafunda, dzira la kachiromboka limaswa, kamwana n'kukula mpaka kuyamba kuikira mazira akeake m'masiku asanu ndi awiri okha, ndipo mazira obisika mkatikati amapulumuka kutsuka koyamba, kotero kuti amene watsuka kamodzi n'kupumula wangopatsa mpata m'badwo wotsatira. Pakatha sabata ntchito ibwerezedwe, pakathanso ina ibwerezedwe, pa nthawi imene maso sakuonanso chilichonse ndipo thupi likuti zatha. Kusiya khola lopanda nkhuku kwa masiku ochepa sikuthandiza, pakuti kamatha kukhala miyezi isanu ndi itatu osadya kanthu, kakungodikira. Khola la udzu likakalamba n'kudzaziratu, nthawi zina chifundo n'kuligwetsa, kulitentha, n'kumanga lina pamalo ena.

Munthu akatopa amalakalaka njira yachidule, ndipo mankhwala opopera tomato kapena osungira chimanga amakhala pafupi. Ndimamvetsa, koma ndimaopa. Mu 2017, ku Netherlands ndi ku Belgium, mankhwala otchedwa fipronil, amene kumeneko saloledwa pa ziweto zodyedwa, anasakanizidwa m'zopopera makola pofuna kupha kachirombo komweka, ndipo mazira mamiliyoni anachotsedwa m'masitolo a maiko ambiri. Kumeneko analipo oyeza mazira n'kuzindikira. Kuno dzira limachoka m'chisa n'kulowa m'phala la mwana tsiku lomwelo. Ngati mankhwala afunikadi, ndi bwino kufunsa alangizi a ziweto, kapena aja amayenda ndi katemera wa chitopa wa I-2 wodonthezera m'diso mu Malichi, Julayi ndi Novembala, kuti akuuzeni oyenera nkhuku ndi masiku oyenera kudikira musanadye mazira kapena nyama. Katemerayo amateteza ku chitopa chokha, utitiri saukhudza.

Pali funso lina limene ndilibe yankho lake, ndipo limandibwerera ndikanyamula ndowa ya madzi owira. Kachirombo aka nakonso kanalengedwa, ndipo kanalengedwa mwaluso lodabwitsa, kopanda maso koma kodziwa kulondola kufunda kwa thupi la nkhuku mumdima, kodziwa nthawi yobwerera. Kakakazi kamayamwa magazi kuti kaikire mazira ake, monga momwe thadzi likuvutikira ake. Mlengi amene anaika kupirira m'thadzi ndi yemweyo anaika kupirira mwa aka, ndipo ine ndaima pakati ndi ndowa, ndasankha mbali. Ndimasankha nkhuku, ndipo sindichita nazo manyazi, chifukwa ndiyo inaperekedwa m'manja mwanga, ndiyo imasanduka makope a sukulu, sopo, ndi ulendo wa kuchipatala mwana akatentha thupi. Koma sindifuna kuthira madziwo ndi chidani. Ndimangothira, ndikudabwa kuti dziko linalukidwa motani kuti moyo wa china uzikhala m'magazi a chinzake, ndipo ndimalisiya funsolo kwa Mwini wake.

Ngakhale mutayeretsa chotani, utitiri uli ndi njira zobwererera: mpheta ndi nkhunda zomanga zisa padenga, dengu lobwereka, nkhuku yogulidwa kumsika wa Chiuaula kapena yobwera pagalimoto kuchokera ku Mandimba. N'chifukwa chake nkhuku yachilendo iyenera kuyamba yagona payokha masabata awiri, ikuyang'aniridwa, isanasakanizidwe ndi zinzake. Yogula sivuta. Imene imandivuta ndi yamphatso, imene azakhali anyamula kuchokera kunyanja ku Metangula, miyendo yomanga ndi luzi, n'kuipereka ndi manja awiri. Kuiika padera iwo akuona kumaoneka ngati kukayikira dzanja lopatsa, ndipo mpaka lero ndikufunafunabe mawu aulemu owafotokozera kuti msoti wawo ugona kukhitchini kaye.