Kodi N'koyenera Kuyenda ndi Mfuti Popanda Chiphaso?

Dzuwa likamapendeka ku Limbe, amalonda ambiri amawerenga ndalama zawo mitima ili m'mwamba. Mwini golosale wina wa ku Bangwe amatseka sitolo yake, n'kubisa ndalama za tsikulo m'sokosi, kenaka n'kukwera minibasi. Akatsika pa siteji, amayenda mtunda ndithu mumdima, m'tinjira todutsa pakati pa nyumba. Munthu ameneyu adaberedwapo kale. Achifwamba adamutchingira njira atanyamula zikwanje, ndipo chipsera chikadali pamkono pake mpaka lero. Usiku uliwonse amadzifunsa kuti: kodi n'chifukwa chiyani lamulo silimulola kungogula kamfuti, n'kumayenda nako m'thumba popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense? Funso limeneli si lachibwana. Likukhudza moyo wa munthu, ufulu wake, ndiponso udindo wake kwa anthu anzake.

Ku Malawi yankho la lamulo ndi lachimvekere. Lamulo la mfuti limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1967 limafuna kuti aliyense wofuna kukhala ndi mfuti ayambe walandira chiphaso kudzera kupolisi, ndipo wopezeka ndi mfuti popanda chiphaso amazengedwa mlandu. Koma si maiko onse amene amatero. Ku United States of America ufulu wokhala ndi zida udalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo m'chaka cha 1791. Chigawo cha Vermont sichidafunepo chiphaso kwa munthu woyenda ndi mfuti. Chigawo cha Alaska chidachotsa chiphaso chotere mu 2003, Arizona mu 2010, Texas mu 2021 ndipo Florida mu 2023. Pofika chaka cha 2024, zigawo 29 mwa zigawo 50 zinali zitalola munthu wamkulu, amene lamulo silimuletsa kukhala ndi mfuti, kuyenda ndi mfuti yaing'ono yobisika popanda chiphaso. Tsono nkhani yagona pakuti, pa njira ziwirizi, ndi iti imene ili yolungama?

Anthu ofuna kuti chiphaso chichotsedwe ali ndi mfundo zofunika kuzimvetsera modekha. Mfundo yoyamba ndi yakuti moyo ndi wa mwini wake. Gawo 16 la malamulo aakulu a dziko la Malawi a mu 1994 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo. Iwo amati ufulu umenewu ndi wachabe ngati munthu sangathe kuuteteza pamene mbava zathyola chitseko pakati pa usiku. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wapolisi sangaime pakhomo lililonse la ku Ndirande, Chilomoni kapena Machinjiri, ndipo nthawi zambiri amafika zinthu zitaonongeka kale.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti chigawenga sichipita kupolisi kukapempha chiphaso. Amene amamangika manja ndi lamulo ndi munthu womvera lamulo yemweyo. Kuwonjezera apo, chiphaso chimafuna ndalama, makalata ndi nthawi yoyendera maofesi. Wolemera wa ku Namiwawa kapena Nyambadwe ali ndi mpanda wa njerwa, alonda ndi agalu, ndipo zofunika pa chiphaso sizingamuvute. Wosauka alibe chilichonse mwa zimenezi, chikhalirecho ndiye amene amayenda pansi usiku.

Mfundo yachitatu ndi yowawa kuposa zinzake. Boma limene limauza anthu kuti alisiyire mfuti, nalonso lidagwiritsapo mfutizo molakwa. M'mwezi wa Meyi 1992, sitalaka imene idayambira pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead and Sons idafalikira mumzinda wa Blantyre ndi Limbe, ndipo anthu pafupifupi 40 adaphedwa, ambiri mwa iwo ndi zipolopolo za apolisi. Pa zionetsero zimene zidayamba pa 20 Julaye 2011 anthu 20 adafa m'dziko muno. Munthu wokumbukira masiku amenewa sangadzudzulidwe akafunsa kuti: nanga mlondayo amulondera ndani?

Mfundo zonsezi zili ndi choonadi chake. Komabe zimasakaniza zinthu ziwiri zosiyana. Ufulu wodziteteza ndi chinthu china, ufulu wonyamula chida chilichonse popanda wofunsa ndi chinthu chinanso. Palibe amene amatsutsa kuti munthu ali ndi ufulu woyenda kuchoka ku Blantyre kupita ku Zomba. Ngakhale zili choncho, woyendetsa minibasi amayenera kukhala ndi laisensi, chifukwa galimoto ikalakwa siipha woyendetsa yekha. Imaphanso mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, amene sadafunsidwe maganizo ake. Laisensi siichotsa ufulu woyenda. Imangotsimikizira anthu ena kuti wagwira chiwongoleroyo adayesedwa. Ngati zili chomwechi ndi galimoto, imene idapangidwa kuti izinyamula anthu, nanga bwanji mfuti, imene ntchito yake ndi kupha?

Mfuti imasiyana ndi chibonga, mpeni kapena chikwanje pa zinthu zitatu. Imapha munthu ali patali, imapha m'kanthawi kochepa, ndipo siifuna mphamvu. Wofuna kumenya mnzake ndi chibonga amayenera kumuyandikira, kumuyang'ana m'maso ndi kukweza mkono. M'kanthawi kameneko anthu amatha kuleretsa, ndipo mwini mkwiyo amatha kubweza mtima. Mfuti siipereka mpata wotere. Chala chikangokoka, nkhani yatha, ndipo madzi akatayika saoleka.

Tsono n'kofunika kulingalira za moyo wa tsiku ndi tsiku wa mumzinda. Pa depoti ya Wenela kapena mumsika wa Limbe mikangano siitha: kondakitala wakana kubweza chenji, wina wapondedwa phazi, wina wanyozedwa pagulu. Pa bwalo la Kamuzu, Bullets ndi Wanderers zikakumana, ochemerera amatukwanizana mpaka kugendana. M'malo omwera mowa anthu amakokana malaya chifukwa cha mkazi kapena ngongole ya botolo limodzi. Lero mikangano yambiri yotere imathera pa milomo yotupa, ndipo mawa lake anthu omwewo amapatsana moni. Kukadakhala kuti mwa anthu khumi alionse atatu ali ndi mfuti m'thumba, ina mwa mikangano imeneyi ikadathera kuchipatala cha Queen Elizabeth kapena kumanda. Anthu amadziwanso zimene zimachitika m'makwalala wina akakuwa kuti wakuba. Khamu limathamanga, limamenya, nthawi zina limapha munthu amene palibe adamuona akuba. Anthu amene amatha kuchita zotere ndi miyala, kodi akadachita zotani ali ndi mfuti?

Pamenepa pali phunziro lokhudza mtima wa munthu. Aliyense wofuna mfuti amadziona ngati munthu wodekha, ndipo amaganiza kuti oopsa ndi ena. Koma palibe munthu amene amakhala wodekha masiku onse. Yemwe ali wofatsa m'mawa akhoza kuledzera madzulo, kupsa mtima ndi nsanje, kapena kutaya chiyembekezo chifukwa cha ngongole mpaka kufuna kudzichotsa moyo. Lamulo lochotsa chiphaso silipereka mfuti kwa mwini golosale wa ku Bangwe yekha. Limaiperekanso kwa mnansi wake amene amamenya mkazi mwezi ndi mwezi, ndi kwa mnyamata amene adakangana naye dzulo. Walira mvula walira matope.

Katswiri wa maganizo wa ku England, Thomas Hobbes, adalemba za vuto lotere m'buku lake lotchedwa Leviathan m'chaka cha 1651. Iye adaona kuti pamene palibe ulamuliro umene anthu onse amauvomereza, munthu aliyense amakhala woweruza ndi msilikali wa iye mwini, ndipo mantha amamukakamiza kuyamba ndiye kumenya asanamenyedwe. Chida chimene chimakhazika pansi mtima wa mmodzi chimautsa mantha mwa mnzake, amene nayenso amakafuna chake. Mbava nazo zikadziwa kuti wamalonda aliyense akhoza kukhala ndi mfuti, zina zimasiya, koma zina zimabwera ndi mfuti zazikulu n'kuyamba kuwombera zisanalankhule. Mapeto ake aliyense ali ndi chida, koma palibe amene akugona tulo.

Amalawi safunika kupita ku England kuti amvetse zimenezi, pakuti mbiri yawo yomwe ili ndi umboni. Kwa zaka zambiri gulu la Apayoniya, limene lidayamba mu 1963, linkasunga mfuti kunja kwa ulamuliro wa apolisi ndi asilikali. Kumayambiriro kwa Disembala 1993, Apayoniya adawombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu atakangana nawo. Pa 3 Disembala asilikali adayamba kulanda zida za gululi pa ntchito imene idatchedwa Operation Bwezani, ndipo Apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique. Dzina lakuti Bwezani lili ndi tanthauzo lakuya. Dziko limene linali kukonzekera chisankho cha mu 1994 lidazindikira kuti anthu sangasankhe momasuka pamene gulu lina lili ndi mfuti zosayankha kwa aliyense.

Nkhondo ya ku Mozambique nayo idasiya phunziro lake. Idatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma mfuti zake sizidathe. Mfuti za mtundu wa AK-47 zidapitiriza kudutsa malire, n'kumathera m'manja mwa achifwamba m'maiko oyandikana nalo, kuphatikizapo Malawi. Mfuti siiola msanga ngati chimanga. Imakhala zaka makumi, n'kumasintha eni ake. Pozindikira zimenezi, atsogoleri a maiko a SADC adasainirana pangano loyang'anira mfuti ndi zipolopolo pa 14 Ogasiti 2001, ndipo adasainira mumzinda womwe uno wa Blantyre. Apa ndi pamene pamagwera mfundo ija yakuti chigawenga sichipempha chiphaso. N'zoona sichipempha, koma mfuti imene chimagwiritsa ntchito idachokera kwinakwake. Idabedwa, idagulitsidwa kapena idatayika. Mfuti zikachuluka m'matumba ndi m'magalimoto popanda kaundula, zobedwa nazo zimachuluka, ndipo wapolisi wopeza munthu ali ndi mfuti usiku sakhalanso ndi poyambira kumufunsa.

Nako ku America akatswiri adatsutsanapo pa nkhaniyi. M'chaka cha 1998 John Lott adalemba buku lonena kuti anthu ambiri akamayenda ndi mfuti umbanda umachepa. Koma kafukufuku wa John Donohue wa pa sukulu ya ukachenjede ya Stanford ndi anzake, amene adatuluka mu 2019, adapeza kuti m'zigawo zimene zidafewetsa malamulo oyenda ndi mfuti, milandu ya chiwawa idakwera ndi 13 mpaka 15 pa 100 iliyonse patatha zaka khumi, poyerekeza ndi mmene ikadakhalira. Maiko ena adatenga njira yosiyana ndi ya America. Dziko la Britain lidaletsa pafupifupi mfuti zonse zing'onozing'ono mu 1997, munthu wina atapha ana 16 ndi mphunzitsi wawo pa sukulu ya ku Dunblane mu 1996. Dziko la South Africa lidakhwimitsa lamulo lake mu 2000, ndipo wofuna mfuti kumeneko amayamba waphunzitsidwa ndi kuyesedwa.

Nanga mfundo ija yakuti boma nalo limalakwa? Mankhwala a mfuti yosayankha kwa aliyense sangakhale kuchulukitsa mfuti zosayankha kwa aliyense. Wapolisi ali ndi dzina, nambala ndi mkulu womuyang'anira. Akhoza kutengeredwa kubwalo la milandu ku Chichiri, ndipo lamulo la apolisi la mu 2010 lidakhazikitsa bungwe loima palokha lomva madandaulo a anthu pa apolisi. Njira zimenezi zikafooka, ntchito ya nzika ndi kuzilimbitsa, pakuti khamu la anthu osadziwika okhala ndi mfuti palibe amene angaliitanire kubwalo.

Komabe, woletsa ali ndi ngongole. Boma likauza munthu kuti asanyamule mfuti popanda chiphaso, limakhala litalonjeza kuti limuteteza. Likalephera kuyatsa magetsi a m'misewu, kutumiza apolisi msanga ndi kuweruza milandu mwachangu, ndiye kuti lamulanda chida popanda kumupatsa chishango. Chiphaso nachonso chiyenera kuperekedwa mwachilungamo, poyang'ana khalidwe la munthu ndi chifukwa chake, osati kukula kwa thumba lake kapena chiphuphu. Apa mfundo ya osauka ija ndi yoona, ndipo yankho lake ndi kukonza kaperekedwe ka chiphaso, osati kuchithetsa. Nawo anthu a m'dera ali ndi mbali yawo. Mutu umodzi susenza denga. Magulu a chitetezo cha m'madera, ogwira ntchito limodzi ndi apolisi ndi mafumu, amateteza mudzi wonse, pamene mfuti ya m'thumba imangoteteza mwini wake, ndipo nthawi zina ngakhale iyeyo siimuteteza.

Mwini golosale uja ali ndi ufulu wochita mantha, ndipo ali ndi ufulu wofunsa boma chifukwa chake njira ya kwawo ili mumdima. Ngati akuona kuti ntchito yake ikufunikadi mfuti, khomo la chiphaso lilipo, ndipo ayenera kulandiridwa mwaulemu. Chimene sangapemphe mwachilungamo ndi lamulo lomasula aliyense, pakuti m'tinjira tomwe iye amadutsa usiku, m'mawa mumadutsa mwana wake popita kusukulu. Kupempha chiphaso ndi kuvomera kuti moyo wa mnansi ndi wamtengo wofanana ndi wa iye mwini, ndipo kuvomera kotere ndiye umunthu.