Ubongo wa Mbewa ndi Chikumbumtima cha Munthu

Seminale ya Kachebere, imene ansembe a chipani cha White Fathers anaitsegula mu 1939 kumalire a Mchinji ndi Chipata, imaphunzitsa filosofi, ndiye kuti kufufuza choona ndi chabwino potsamira nzeru za munthu, ndipo funso limodzi loyenera kusautsa ophunzira ake ndi lakuti kodi n'kololeka kudwalitsa nyama dala pofuna kudziwa mmene mavairasi ofalitsidwa ndi udzudzu amalowera mu ubongo.

Vairasi ndi kachilombo kosatha kuswana pokhapokha katalowa m'maselo a chamoyo china, choncho wokafufuza amafunika kukhala ndi maselo amoyo, nthawi zinanso thupi lamoyo. Ka West Nile kanapezeka ku Uganda mu 1937 pamene magazi a mayi wodwala anabayidwa mu ubongo wa mbewa. Ka Zika kanapezekanso komweko mu 1947, kudzera mwa nyani ndi mbewa. Ana atayamba kubadwa ndi mitu yaing'ono ku Brazil mu 2015, mbewa zabere ndizo zinathandiza kusonyeza kuti Zika imadutsa m'nsengwa n'kuwononga maselo amene ubongo wa mwana umaphukirapo.

Thomas Aquinas, amene maganizo ake ndi nsanamira ya maphunziro a m'seminale, ankati nyama zinapatsidwa kwa munthu kuti zimutumikire, ngakhale anachenjeza kuti wozolowera kuzunza nyama amadzazunzanso anthu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika amalola kafukufuku wa pa nyama pokhapokha ngati sapyola muyezo ndiponso ngati athandiza kuchiza kapena kupulumutsa anthu, mfundo imene Papa Francis anaibwereza mu 2015. Kwa Mchewa wa ku Mchinji, amene amakumba mbewa chilimwe chilichonse, kupha nyamayi sikudodometsa; chachilendo n'kuisunga masiku angapo ikunjenjemera ndi kufa ziwalo, munthu ataima pambali akulemba, pakuti mlenje weniweni sachedwetsa imfa ya nyama imene walasa.

Vuto lagona pa kufanana. Mbewa imasankhidwa chifukwa ubongo wake umafanana ndi wa munthu, koma kufanana komweko ndiko kumatsimikiza kuti imamva ululu. Ikasiyana ndi munthu, phindu la kuvutika kwake limachepa. Ndipo imasiyanadi: mbewa wamba yaikulu siidwala Zika kwenikweni, kotero ofufuza amayamba aifooketsa pochotsa mphamvu ya intaferoni, chitetezo choyamba cha thupi ku mavairasi. Ngakhale pa malungo a mu ubongo, amene sayambitsidwa ndi vairasi, akatswiri akhala akutsutsana ngati mbewa zimaonetsa zoona, ndipo umboni wakuti ana ambiri amafa chifukwa cha kutupa kwa ubongo unachokera kwa ana ogonekedwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ojambulidwa ndi makina a MRI.

Chilolezo cha Katekisimu tsono chili ngati ngongole, imene imabwezedwa pamene chipatso cha kafukufuku chafika kwa wodwala, kuphatikizapo wa kumudzi amene amalumidwa kwambiri ndi udzudzu koma alibe chogulira mankhwala. Ngongoleyo nthawi zina inabwezedwa: Max Theiler wa ku South Africa, amene anayamba ndi ubongo wa mbewa, anapanga katemera wa yellow fever mu 1937. Koma pa West Nile, katemera wa akavalo wakhala akugulitsidwa ku America kwa zaka zoposa 20, pamene wa anthu sanavomerezedwe mpaka lero.